Thangata: Liwu Lachifundo Limene Linasanduka Lendi

Pa gombe la Kachulu, kunyanja ya Chilwa, msodzi amene bwato lamulemera amaitana mnzake kuti amuthangate, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Koma nkhalamba za kuno zikamva liwu lakuti "thangata" litaima palokha, nkhope zimagwa. Pakati pa matanthauzo awiriwa pagona mbiri yowawa.

Kalekale kuthangata kunali kuthandizana basi. Munda ukamukulira munthu, ankafulula mowa wa dima, anansi n'kubwera ndi makasu awo, poti mutu umodzi susenza denga. Anthu ankathangatanso mfumu kumunda kwake posonyeza ulemu. Panalibe wowerenga masiku, panalibenso kapitawo.

Zinthu zinatembenuka kuyambira mu 1892, pamene Harry Johnston anayamba kupereka kwa Azungu zikalata za umwini wa malo. Zikalata zambiri zinkaletsa kusokoneza midzi imene inalipo kale, koma za obwera pambuyo pake sizinanene kanthu. Obwerawo ambiri anali Alomwe, amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi kuchokera kutsidya, kum'mawa kwa Chilwa. Mlendo wofuna pomanga pa esiteti ankauzidwa kuti "athangate" mwini malo: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba. Dzina linali lakale lija, koma tsopano wokana ankathamangitsidwa.

Ambiri mwa eni maesiteti a ku Zomba ndi Chiradzulu anali ochokera ku Scotland, ndipo chiyankhulo chakale cha kwawoko chili ndi liwu la nkhope ziwiri ngati lathuli. "Darg" inali ntchito ya tsiku limodzi. Alimi akasonkhana kukalimira mnzawo mwaulere, ankati ndi "love-darg", ntchito ya chikondi, dima lenileni. Koma analiponso masiku a "darg" amene osauka okhala pa malo a bwana ankagwira m'malo mwa lendi. Choncho mchitidwe wolipira pogona ndi thukuta sunali wachilendo kwa anthu amenewa. Chimene anapeza kuno ndi dzina lokoma louphimbira.

Kumene thangata linaluma kwambiri ndi ku Magomero, pafupi ndi mtsinje wa Namadzi, umene madzi ake amatsikira ku Chilwa konkuno. Malowo anagulidwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, mkamwini wa David Livingstone, ndipo woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Kumeneko mwezi sunkawerengedwa poyang'ana kumwamba ayi, koma pa tikiti. Munthu akalephera kumaliza ndime ya thonje imene wapatsidwa, tsikulo silinkalembedwa, motero miyezi iwiri inkatha kutambasuka mpaka kudya nyengo yonse ya dzinja, pamene munda wake womwe unkafuna khasu. Ngakhale amayi amasiye ankakakamizidwa kugwira ntchitoyi. Ichi ndicho chinali choipitsitsa: thangata lakale linkadzaza nkhokwe ya mnansi, koma latsopanoli linkasiya nkhokwe ya wolimayo ili mbee.

Pa 23 Januwale 1915, anthu a Mbusa John Chilembwe a ku Mbombwe anaukira Magomero ndi kupha Livingstone uja. Boma linathetsa kuukirako mwankhanza, koma thangata silinathe. Lamulo la 1928 linalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama, ntchito kapena mbewu zogulitsa kwa mwini esiteti, komabe linamusiyira mphamvu yochotsa anthu pamalopo. Mkwiyo unaphulikanso ku Thyolo mu 1953. Pambuyo pake boma linafulumira kugula maesiteti ena kuti likhazikepo anthu, ndipo lamulo la 1962 ndilo linathetsa thangata, patatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu.

Mneni "kuthangata" anapulumuka, ndipo mwana amene wathangata agogo ake kupuntha mpunga ku Likangala amayamikiridwa mpaka lero. Dzina lakuti "thangata" ndilo silinayerenso: wogwira ntchito yakalavulagaga pa malipiro ochepa amangoti, "Ili ndi thangata."