Malaya Awiri M'mzinda Umodzi

Pali ponse pamene magulu awiri a mpira amanga mabwalo ao m'mzinda umodzi, anthu a mumzindamo amagawikana pawiri. Amene anakhalako ku Kitwe tsiku lokumana Nkana ndi Power Dynamos adziwa kuti tsiku lotere mwana ndi atate wace angathe kudya nsima m'mbale imodzi osalankhulana. Ku Manchester, mzinda wa kumpoto kwa England umene unakula ndi nchito yoomba nsalu za thonje, kulinso magulu awiri otere: Manchester City, a malaya a mtundu wa thambo, ndi Manchester United, a malaya ofiira. Wosewera akabvula malaya a gulu lina nabvala a linzace, anthu safunsa zambiri. Angoti ndiye wopanduka, wakonda ndalama. Koma mbiri ya amuna awiri amene anacita zimenezi, Billy Meredith ndi Denis Law, isonyeza kuti mlandu wotere suli wapafupi kuuweruza. Kwa oonerera mpira ndi cikondi, koma kwa wosewera ndi nchito yodyetsa banja.

Magulu onse awiriwa anayambika pakati pa anthu osauka. United inayamba m'caka ca 1878 ndi anchito a njanji, ndipo dzina lace loyamba linali Newton Heath. Dzina la Manchester United inalitenga mu 1902. City inayamba mu 1880 pa chalichi ca St Mark's m'dera la West Gorton, nilandira dzina la Manchester City mu 1894.

M'caka comweco ca 1894 City inapeza mnyamata wa ku Chirk, m'dziko la Wales, dzina lace Billy Meredith. Iye anabadwa mu 1874, ndipo ali ndi zaka 12 analowa mumgodi wa malasha, kumene nchito yace inali yoyendetsa akavalo okoka ngolo pansi pa nthaka. Ngakhale atayamba kusewerera City sanafulumire kusiya mgodiwo, pakuti masiku amenewo mpira sunali kuyesedwa nchito yoti munthu wanzeru nkuikirapo moyo wace. Anali kusewera kumbali ya dzanja lamanja, ndipo anthu anali kumzindikira ndi kamtengo kotokosera mano kamene sikanali kucoka pakamwa pace. Mu 1904, iye ali mtsogoleri wa anzace pabwalo, City inatenga cikho ca FA Cup pogonjetsa Bolton Wanderers ndi cigoli cimodzi, ndipo mwini cigolico anali Meredith yemwe. Ici cinali cikho cacikuru coyamba kulowa m'mzinda wa Manchester.

Kuti zimene zinatsatira zimveke bwino, kuyenera kudziwika lamulo limene linalipo. Kuyambira mu 1901 kunali koletsedwa kulipira wosewera mpira ndalama zoposa £4 pa sabata, ngakhale akhale waluso cotani, ngakhale anthu zikwi zambiri alipire pakhomo kudzamuona. Ndiponso wosewera sanali ndi ufulu wakucoka. Gulu linali ndi mphamvu yakumsunga kapena kumgulitsa monga lifunira. Magulu ambiri olemera anali kulambalala lamulo la malipiro popatsa anyamata ao ndalama zina mseri, ndipo City inali limodzi la magulu amenewo.

Mu Epulo 1905 City inapita kukasewera ndi Aston Villa masewera otsiriza a caka, nigonja ndi zigoli 3 kwa 2. Pambuyo pace wosewera wa Villa, Alex Leake, ananena kuti Meredith anafuna kumpatsa ciphuphu ca £10 kuti Villa igonje dala. Bungwe lolamulira mpira, la Football Association, linamletsa Meredith kusewera. Poyamba iye anakana mlanduwo, koma pamene anaona kuti City yamsiya yekha wopanda malipiro, anatsegula pakamwa. Anati anacita kutumidwa ndi woyang'anira gulu, Tom Maley, naululanso za ndalama zamseri zimene osewera anali kulandira. Cilango cimene cinagwa mu 1906 cinali coopsa: Maley anacotsedwa m'mpira, ndipo osewera 17 analetsedwa kusewera kufikira caka citatha, ndi kuuzidwa kuti asadzabvalenso malaya a City.

Pamenepo mpamene mnansi anapezerapo mwai. Ernest Mangnall, woyang'anira United, amene gulu lace linali litangokwera kumene kulowa m'gawo loyamba la ligi, analemba anai mwa anthu aja: Meredith, Sandy Turnbull, Herbert Burgess ndi Jimmy Bannister. Tsiku loyamba kubvala malaya ofiira linali 1 Januwale 1907, ndipo adani ao tsikulo anali Aston Villa omwe aja. Meredith anaponya mpira pakati, Turnbull naugoletsa, United nipambana. Mu 1908 United inatenga ligi kwa nthawi yoyamba m'mbiri yace. Mu 1909 inatenga FA Cup, Turnbull atagoletsa cigoli cokha ca tsikulo pokumana ndi Bristol City. Ndipo mu 1911 inatenganso ligi. Cotero ulemerero woyamba wa United unamangidwa ndi manja a anthu amene City inakakamizidwa kuwataya.

Meredith sanaiwale zimene zinamcitikira. Monga munthu wokulira kumgodi anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo pa 2 Disembala 1907 iye ndi mnzace Charlie Roberts anasonkhanitsa osewera mu Imperial Hotel ku Manchester, nayambitsa bungwe la osewera mpira. Mu 1909 akuru a mpira analamula osewera onse kuti aturuke m'bungwelo. Ambiri anacita mantha, koma a United anakana, nalandidwa malipiro ao kwa kanthawi kufikira mbali ziwirizo zinamvana. Bungwelo silinafe, ngakhale lamulo la malipiro linakhalabe zaka zina zoposa 50.

Mu 1921, ali ndi zaka 46, Meredith anacoka ku United nabwerera ku City, kumene anali kusewera ndi kuphunzitsa anyamata. Mu Malichi 1924, ali ndi zaka 49, anasewera masewera a FA Cup otsala pang'ono otsiriza, amene City inagonja kwa Newcastle United. Dziko lace la Wales analisewerera nthawi 48.

Asanachulidwe munthu waciwiri, kuyenera kukumbukika kuti udani wa magulu awiriwa sunali waukuru masiku onse. Mangnall yemwe uja anasamukira ku City mu 1912. Mu 1941, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndege za Germany zinaphwanya bwalo la United la Old Trafford, ndipo City inabwereka anansi ace bwalo lace la Maine Road, molipiritsa, kufikira mu 1949. Akuru anati mnzako akapsa ndebvu mzimire. Ndiponso Matt Busby, amene anayamba kuyang'anira United mu 1945 naikweza koposa wina ali yense amene analipo iye asanafike, anali wosewera wa City kuyambira 1928 kufikira 1936, ndipo anatenga nayo FA Cup mu 1934. Nayenso anali mwana wa kumigodi ya malasha, ku Scotland.

Denis Law anabadwa ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, mu 1940, mwana wotsiriza mwa ana asanu ndi awiri a msodzi wosauka. Anali woonda ndi wa diso lopenyera kumbali, kotero kuti atafika ku Huddersfield Town mu 1955 ambiri sanayembekeze kanthu kwa iye. Diso lija analikonza madokotala, ndipo luso lace linaonekera msanga. Mu Malichi 1960 City inamgula ndi £55,000, mtengo umene gulu liri lonse la ku Britain linali lisanaulipirepo. Mu Januwale 1961, pa masewera a FA Cup ndi Luton Town, anagoletsa zigoli zisanu ndi cimodzi, koma mvula inacuruka, masewera naimitsidwa, zigoli zonse nizifafanizidwa. Pobwereza masewerawo City inagonja ndi 3 kwa 1.

Mwezi womwewo bungwe lija la Meredith, motsogozedwa ndi Jimmy Hill, linaopseza kunyanyala nchito, ndipo lamulo la malipiro, limene pamenepo linali pa £20 pa sabata, linathetsedwa. Komabe magulu a ku Italy anali kulipira koposa, ndipo City inagulitsa Law ku Torino ndi £110,000. Kumeneko sanakondwe, mpira wa ku Italy unali wochinga kwambiri, ndipo anapulumuka pa ngozi ya galimoto. Mu 1962 Busby anambweza ku Manchester ndi £115,000, koma tsopano ku mbali ya malaya ofiira.

Zaka 11 zimene anakhala ku United ndizo zinamchukitsa. Anagoletsa pa masewera otsiriza a FA Cup mu 1963 pogonjetsa Leicester City. Mu 1964 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu Europe. Anatenga ligi mu 1965 ndi mu 1967. Zigoli zace zonse ku United zinali 237 pa masewera 404, ndipo anthu a ku Old Trafford anali kumucha Mfumu. Koma ngakhale mfumuyo inali yolembedwa nchito. Mu 1966, pamene anapempha kuti malipiro ace akwere, Busby analengeza kuti amgulitsa, ndipo Law anapepesa pamaso pa olemba nyuzi. Mu 1968, tsiku limene United inatenga cikho ca Europe, iye anali gone m'cipatala cifukwa ca bondo.

Bondo limenelo ndi ukalamba zinamcepetsa liwiro. Mu 1973 woyang'anira watsopano, Tommy Docherty, anammasula kwaulere, ndiko kunena kuti United inalibenso naye nchito. Anali ndi zaka 33, banja lace linali ku Manchester, ndipo City inamuitana. Iye anabvomera.

Tsono pa 27 Epulo 1974 magulu awiriwa anakumana ku Old Trafford, United iri pafupi kutsitsidwa kunka ku gawo laciwiri. Patatsala mphindi zosakwana khumi, popanda cigoli mbali iri yonse, Francis Lee anapereka mpira kwa Law, amene anali atafulatira golo. Iye anaukankha ndi cidendene, ndipo unampitirira Alex Stepney nulowa. Anzace anamthamangira kudzamkumbatira, koma iye sanakweze dzanja monga anali kucitira masiku onse. Anayenda cowerama, ndipo posacedwa anaturuka m'bwalo. Anthu anathamangira pabwalo, masewera naimitsidwa nthawi isanakwane, koma akuru a ligi anagamula kuti City yapambana.

Kufikira lero ambiri amati Law ndiye anatsitsa United. Zoona zace nzakuti tsiku lomwelo Birmingham City inagonjetsa Norwich City, ndipo cifukwa ca ico United ikadatsika ngakhale cigolico cikadapanda kulowa. Koma Law pamene anali kuturuka m'bwalo sanadziwe zimenezo. Anagwira nchito imene anamlembera, ngakhale inampweteka mtima. Amenewo anali masewera ace otsiriza a ligi. Atasewerera Scotland pa World Cup ya caka comweco, pokumana ndi Zaire, anasiya mpira mu Ogasiti 1974. United inabwerera m'gawo loyamba mu 1975.

Poyang'ana mbiri ziwirizi cinthu cimodzi cioneka poyera: pa kuoloka kumene anthu akukumbukira koposa, si wosewera amene anayamba kutaya gulu. Meredith anacoka ku City atasiyidwa yekha pamlandu, ndipo khomo linatsekedwa ndi akuru a mpira. Law anacoka ku United atauzidwa kuti safunikanso. Woonerera angathe kukonda gulu limodzi kuyambira ubwana kufikira imfa, pakuti cikondico sicimlanda cakudya. Koma wosewera ali ndi zaka zowerengeka zokha, ndipo bondo limodzi likhoza kuzidula pakati. Gulu limene liyembekeza kukhulupirika liyenera kuyamba ndilo kukhulupirika. Masiku a pambuyo pace osewera anapeza ufulu ndi cuma cimene Meredith sanacilote, ndipo ena, monga Carlos Tevez amene anacoka ku United kunka ku City mu 2009, anaoloka mwa kufuna kwao. Koma ufulu umenewo unayambira m'cipinda cija ca Imperial Hotel.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu nayamba kufuna nchito adzakumana ndi funso lomweli, kaya m'ofesi, m'sitolo kapena kumgodi. Tsiku lina adzacoka kwa bwana wina kunka kwa mnansi wace, ndipo padzakhala ena owanena. Cimene cidzawayeretsa ndico cimene cinayeretsa amuna awiriwa: kugwira nchito ndi mtima wonse kumene ali, osanyoza kumene anacokera.

Meredith anamwalira ku Manchester mu Epulo 1958 ali ndi zaka 83, wopanda cuma, ndipo manda ace anakhala zaka zambiri opanda mwala. Pambuyo pace bungwe la osewera, bungwe la mpira la Wales, City ndi United anasonkha pamodzi namuikira mwalawo. Law anamwalira pa 17 Januwale 2025. Kunja kwa Old Trafford kuli cifanizo cace, ataima pamodzi ndi George Best ndi Bobby Charlton, pa bwalo lomwelo limene anaturukamo cowerama atabvala malaya a City.