Mbiri ya Matiresi a Mpweya ndi Bedi Lowayenera

Munthu amene wakhala ndi moyo zaka 60 amakhala atagona tulo pafupifupi zaka 20. Ngakhale zili choncho, mabuku a mbiri yakale amachulutsa nkhani za mafumu, nkhondo ndi malonda, koma sanena zambiri za malo amene mafumuwo ndi anthu awo ankatsamirapo nthiti zawo dzuwa likalowa. Nkhani ino ikufotokoza za chogonera chimodzi chachilendo, ndicho matiresi odzazidwa ndi mpweya, ndiponso za funso limene lakhala likutsata matiresiwa kuyambira pachiyambi: kodi pansi pake payenera kukhala chiyani? Funsoli limaoneka ngati la amisiri a matabwa okha, koma limakhudzanso thanzi la odwala ndi moyo wa makanda.

Choyala ndi chakale kwambiri kuposa bedi. M'chaka cha 2020, akatswiri ofukula zakale otsogoleredwa ndi Lyn Wadley analengeza kuti m'phanga lotchedwa Border Cave, m'mapiri a Lebombo pa malire a South Africa ndi eSwatini, anapezamo zotsalira za udzu umene anthu anayala pamwamba pa phulusa zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Phulusalo linkathandiza kuti pogona pakhale pouma, ndiponso linkalepheretsa tizilombo toyenda pansi kufika pa thupi. M'phanga lina lotchedwa Sibudu, kumpoto kwa mzinda wa Durban, munapezeka zoyala za zaka 77,000, zopangidwa ndi udzu wa m'madambo wa mtundu wa mlulu, ndipo pamwamba pake panali masamba onunkhira a mtengo wina wothamangitsa udzudzu. Motero anthu akalewo anali atazindikira kale kuti ubwino wa choyala umadalira chimene chayalidwa pansi pake.

Patapita zaka zambirimbiri, anthu anayamba kukweza pogona pawo kuti patalikirane ndi chinyontho, njoka ndi zinkhanira. Ku Egypt, m'chaka cha 1925, pafupi ndi manda aakulu a ku Giza, kunafukulidwa bedi la matabwa okutidwa ndi golide la Mfumukazi Hetepheres, mayi wa Mfumu Khufu, limene linapangidwa zaka zoposa 4,500 zapitazo. M'manda a Tutankhamun, amene Howard Carter anawapeza mu 1922, munali bedi la pa ulendo lopindika patatu, lolukidwa ndi zingwe pakati pake. Ku India nako, mlendo wotchuka uja Ibn Battuta, amene anayenda m'dzikolo m'zaka za m'ma 1300, analemba mogoma za bedi lopepuka la miyendo inayi ndi mitengo inayi, lolukidwa ndi malamba a thonje kapena silika, limene munthu ankatha kulinyamula pa ulendo.

M'midzi yambiri ya chigawo chino cha Africa, anthu ankagona pa mphasa ya bango, pa mkeka wa mlaza kapena pa chikopa. Mawu eniake akuonetsa njira imene bedi la masiku ano linadzera: liwu lakuti kama linachokera ku Chipwitikizi, pamene lakuti bedi linachokera ku Chingerezi. Komabe luso lomanga mitengo yogonapo linalipo ndithu. Mu April 1873, David Livingstone atafooka kotero kuti sankathanso kukwera bulu, anyamata ake anam'pangira machira a mitengo iwiri yotalika mafiti 7, yolumikizidwa ndi mitanda ya mafiti 3 yotalikirana mainchesi 4, ndipo anayalapo udzu ndi bulangeti. Pa machira amenewo anam'nyamula mpaka kumudzi kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalirira.

Pa mabedi onsewa pali chinthu chimodzi chofanana. Udzu, thonje, ubweya ndi nthenga zimakolana zokhazokha, kotero kuti zimatha kudumpha mpata wa pakati pa mitanda kapena zingwe popanda kugweramo. N'chifukwa chake mmisiri wakale sankadera nkhawa mipata, ndipotu ankaifuna kuti mphepo izipita pansi pa choyala. M'zaka za m'ma 1800, pamene mabedi a chitsulo anafala ku Ulaya chifukwa chakuti nsikidzi sizipeza pobisala m'chitsulo monga zimachitira m'ming'alu ya matabwa, mipata ija inakhalapobe, ndipo pambuyo pake panaonjezeka mawaya olukana ndi masipuling'i. Bedi lili lonse linkapangidwa poganizira choyala chimene chinalipo pa nthawi yake.

Mpweya suli ngati udzu kapena thonje. Ganizo logona pa mpweya ndi lakale ndithu, pakuti Konrad Kyeser, katswiri wa zida za nkhondo wa ku Germany, anajambula m'buku lake lotchedwa Bellifortis, limene analimaliza cha m'ma 1405, thumba lalikulu la chikopa logonapo lopopedwa ndi mvukuto wonga wa osula zitsulo. Kwa msilikali, phindu lake linali loonekeratu: thumba lotere likaphwa limapindika n'kunyamulidwa mosavuta, ndipo usiku limayalidwa pansi mu msasa. Koma chikopa chosokedwa sichisunga mpweya nthawi yaitali, motero ganizoli linadikira zaka zoposa 400 kuti papezeke nsalu yoyenera.

Nsaluyo inapezeka chifukwa cha mpira, utomoni wa mitengo ya ku South America. Mu 1823, Charles Macintosh wa ku Glasgow analandira chilolezo cha boma choteteza luso lake lomata nsalu ziwiri ndi mpira wosungunula pakati, kotero kuti madzi sankalowa. Thomas Hancock wa ku London, amene pambuyo pake anagwirizana naye pa malonda, ankapanga mitsamiro ndi matiresi opopa ndi nsalu yotere. Vuto linali lakuti mpira wa masiku amenewo unkanyata kukatentha ndipo unkauma gwa kukazizira. Charles Goodyear wa ku America ndiye anapeza mu 1839 kuti mpira ukaphikidwa pamodzi ndi sulufule umalimba ndipo susinthanso ndi nyengo. Hancock anafika pa njira yofananayo mu 1843, ndipo kuyambira pamenepo matiresi a mpweya anakhala katundu wodalirika kwa apaulendo, amalinyero ndi odwala.

Odwala ndiwo anapatsa nkhaniyi kulemera kwake. Munthu akagona malo amodzi kwa nthawi yaitali osatembenuka, mafupa a m'chiuno, a kumsana ndi a zidendene amapanikiza khungu, magazi amaleka kuyenda bwino, ndipo pamabuka zilonda zozama zimene zingathe kum'pha. Cha m'ma 1832, dokotala wa ku Scotland wogwira ntchito ku London, Neil Arnott, anapangira mayi wina wodwala kwambiri bedi la madzi. Anatenga chibokosi chonga mwadiya, nachithira madzi, n'kuphimba pamwamba ndi nsalu ya mpira, kuti wodwalayo aziyandama osanyowa ndipo kulemera kwake kugawanike thupi lonse. Arnott sanafune kuteteza lusoli ndi chilolezo cha boma, kuti aliyense athe kulipanga. Chofunika kuchiona n'chakuti theka la luso lakelo linali chibokosi chija, cha pansi polimba ndi zipupa zogwira madzi mbali zonse.

Chifukwa chake chinali chitafotokozedwa kale ndi Blaise Pascal wa ku France, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1623 mpaka 1662. Iye anaonetsa kuti madzi otsekeredwa m'chotengera akapanikizidwa pamalo amodzi, mphamvuyo imafalikira mofanana mbali zonse, ndipo lamulo lomweli limagwiranso ntchito pa mpweya. Choncho munthu akagona pa matiresi opopa, mpweya umakankha nsalu kumwamba, m'mbali ndi pansi mofanana. Pamene pali thabwa, thabwalo limabweza mphamvuyo. Pamene pali mpata, nsalu imasenza yokha katundu yense, imafufuma n'kulowa mu mpatamo ngati chotupa, ndipo mpata ukakula kukokeka kwa nsalu kumakulanso mpaka msoko utaphulika. Mipata imene inali yabwino kwa udzu wa pa machira a Livingstone ndi yoopsa kwa thumba la mpweya.

Zipatala zinaphunzira phunziroli msanga. Ludwig Guttmann, amene anatsegula chigawo cha ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England mu 1944, analamula kuti odwala azitembenuzidwa maola awiri ali onse, usana ndi usiku, ndipo ambiri amene kale akadafa ndi zilonda anapulumuka. Koma ntchitoyi inkafuna manja ambiri. Mu 1948, dokotala W. James Gardner wa ku Cleveland ku America anafotokoza za matiresi okhala ndi timatumba tatitali ta mpweya togawidwa m'magulu awiri, timene pampu inkatidzaza mosinthanasinthana, kotero kuti gulu limodzi likafufuma linzake linkaphwa, ndipo khungu linkapeza mpumulo. Matiresi a mtundu umenewu akugwirabe ntchito m'zipatala za m'maiko ambiri, ndipo amaikidwa pa bedi la pansi posalala ndi polimba, lokhala ndi zotchinga m'mbali.

M'nyumba za anthu wamba, matiresi a mpweya analowa chifukwa cha pulasitiki. Mu 1926, Waldo Semon wa pa kampani ya B. F. Goodrich anapeza njira yofewetsera pulasitiki wotchedwa PVC, ndipo itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945, katundu wopangidwa ndi pulasitikiyu anachuluka n'kutsika mtengo. Poyamba anali ogonera m'mahema ndi oyalira alendo kwa usiku umodzi kapena uwiri. Kenaka mabanja osauka, ophunzira ndi anthu osamukasamuka anayamba kugonapo masiku onse, ndipo mwachibadwa anafuna kuwakweza pa bedi. Apa ndi pamene mbiri ziwiri zija zinawombana, popeza thumba lobadwira pansi mu msasa linaikidwa pa bedi lopangidwira thonje ndi masipuling'i. Makampani amene anafuna kupanga mabedi a mpweya okhalitsa, monga Select Comfort imene inayamba ku Minnesota mu 1987 ndipo pambuyo pake inatchedwa Sleep Number, anabwerera ku nzeru ya Arnott. Anazinga timatumba ta mpweya ndi zipupa za siponji, n'kutikhazika pa maziko afulati.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna kufewa ndi kupepuka kwa matiresi a mpweya ayenera kulandiranso zofuna zake, ndipo mbiri yafotokozedwayi ikuonetsa zimene iye ndi mmisiri wake ayenera kuyang'ana. Choyamba ndi pansi: pakhale thabwa limodzi lalikulu lafulati, kapena matabwa ogundana, ndipo ngati bedi lili ndi mitanda yotalikirana, payambe paikidwa thabwa lophimba mipata yonse. Bedi la mawaya kapena la masipuling'i oonekera siliyenera, pakuti nsonga imodzi ya waya ndi yokwana kuboola pulasitiki. Matabwa apalidwe bwino, mitu ya misomali imizidwe, ndipo pamwamba payalidwe mkeka wosalala kapena bulangeti. Choyalacho chilinso ndi ntchito ina: mpweya wa m'matiresi umazungulira n'kumachotsa kutentha kwa thupi kupita nako pansi, makamaka pa simenti m'miyezi ya June ndi July. Ndiponso mpweya ukazizira ndi madigiri 10 umanyala ndi magawo pafupifupi 3 pa 100 ali onse, kotero kuti matiresi opopedwa masana amaoneka ofewerapo m'bandakucha ngakhale asanabooke.

Chachiwiri ndi m'mbali ndi msinkhu. Matiresi a mpweya ndi opepuka ndipo amatsetsereka, motero bedi likhale ndi mlomo wokwera pang'ono kuzungulira mbali zonse, koma wosatsekereza pakamwa popopera. Muyeso utengedwe matiresi atapopedwa kale, chifukwa mbali yolendewera kunja kwa bedi imapindika munthu akakhalapo, ndipo iye amagwa nayo. Popeza matiresi ena a masiku ano amatalika masentimita 40 kapena kuposerapo, bedi lake liyenera kukhala lalifupi, kuti nkhalamba kapena wodwala athe kuponda pansi atakhala m'mphepete.

Pali chinthu chimodzi chimene bedi lili lonse, ngakhale lopangidwa mwaluso chotani, silingakonze. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, Consumer Product Safety Commission, limachenjeza kuti mwana wosakwana miyezi 15 asagonekedwe pa matiresi a mpweya. Khanda silingathe kudzutsa mutu nkhope yake ikamira m'pulasitiki wofewa, ndiponso likhoza kugwera mu mpata wa pakati pa matiresi ndi chipupa kapena mlomo wa bedi, makamaka matiresiwo akaphwa usiku. Makanda ambiri atayika mwa njira imeneyi, kawirikawiri m'mabanja amene analibe chogonera china. Khanda limafuna pogona polimba ndi posalala, ndipo liyenera kugonekedwa chagada. Pa nkhani imeneyi mphasa yoyalidwa bwino ndi nsalu imaposa matiresi opopa a mtengo wapatali.

Kuchokera ku phulusa la ku Border Cave mpaka ku chibokosi cha Arnott ndi mabedi a m'zipatala, anthu akhala akuphunzira mobwerezabwereza kuti choyala ndi maziko ake zimasankhidwa pamodzi. Banja limene lagula matiresi a mpweya lingachite bwino kuwapopa, kuwayeza, ndi kupita ndi muyesowo kwa mmisiri wa matabwa, n'kum'pempha bedi lalifupi, la pansi potseka ndi posalala, lokhala ndi mlomo m'mbali. Ngati ndalama za bedi lotere sizinapezeke, ndi bwino kuyala mkeka ndi bulangeti pansi n'kugonekapo matiresiwo, kusiyana ndi kuwakweza pa bedi lakale la mawaya.