Ana a Sukulu a Kongeresi ndi Anyamata a ku Malindi

M'maiko ambiri amene analimbana ndi ulamuliro wa Azungu, chipani chofuna ufulu chinkakhala ndi nthambi yake ya ophunzira a m'masukulu apamwamba. Ku Nyasaland zinthu sizinayende chotero, ndipo chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Pamene Nyasaland African Congress inabadwa m'chaka cha 1944, dziko lonse linali ndi masukulu a sekondale awiri okha: ya ku Blantyre yotsegulidwa mu 1940, ndi ya Akatolika ku Zomba ya 1942. Ya ku Dedza inadza mu 1951, ndipo yunivesite kunalibe kufikira 1965. Mnyamata wofuna digiri anayenera kumanga katundu wake ndi kupita ku Makerere m'dziko la Uganda, kapena ku Fort Hare m'dziko la South Africa. Motero nthambi ya ophunzira ya Kongeresi inamera m'munda wa eni.

Ku Makerere, a Kanyama Chiume ndi anzao anapanga bungwe la Nyasaland Students' Association, limene linkasonkha ndalama zothandizira Kongeresi kwao. Koma phunziro lalikulu linali ku Fort Hare, kumene a Orton Chirwa anaphunzira, ndiponso kumene a Henry Masauko Chipembere anafika m'chaka cha 1952. Pasukulupo panali nthambi yamphamvu ya achinyamata a chipani cha African National Congress, yoyambidwa mu 1948. Achinyamata a chipanicho anali atatopa ndi akuluakulu ao amene ankangolemba makalata opempha kwa Boma; ndipo mu 1949 anachotsa pampando Dr Xuma, naikapo dokotala wina, Dr Moroka, amene anavomera kutsata njira yao. M'chaka chomwe a Chipembere anafika, anthu oposa 8,000 analowa m'ndende mwadala pophwanya malamulo a tsankho. Pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953, anthu akuda atachikana ndi mtima wonse, mnyamatayo anali ataona kale ndi maso ake kuti pempho lopanda khamu la anthu pambuyo pake silimveka kwa olamula.

Tsono kwao kwa a Chipembere kunali ku Malindi, kum'mawa kwa nyanja, m'boma la Fort Johnston limene tsopano likutchedwa Mangochi. Atate ao, a Habil Chipembere, anali wansembe wa mpingo wa U.M.C.A. Dera limeneli silinali la anthu ophunzira ambiri ayi. Ayao ochuluka a kwa Mponda, kwa Jalasi ndi kwa Makanjira anali Asilamu, ndipo makolo ankaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni kuti angatembenuzidwe. Munthu akadaganiza kuti mwini digiri sangapeze omvera pakati pa asodzi otere. Koma kunali komweko kumene mau ake anagwira nthaka kopambana.

Atagwirako ntchito ya Boma kanthawi kochepa, anaisiya, ndipo mu Malichi 1956 anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba pamodzi ndi a Chiume ndi ena atatu, ali ndi zaka 25 zokha. Mafunso ao kwa akuluakulu a Boma anali akuthwa kotero kuti buku losindikizamo zokambidwa m'Nyumbayo linayamba kugulidwa ndi kuwerengedwa mokweza kwa osadziwa Chingerezi. A Chipembere sanalankhule za Chitaganya chokha. Analankhulanso za nsomba: za amalonda achilendo a makoka aakulu amene ankakokolola chambo ndi kuchitumiza kunja, pamene mwini nyanja ndi bwato lake ankabwera kudooko ndi zochepa. Msodzi wosadziwa tanthauzo la Chitaganya anadziwa bwino za chambo chake, ndipo apo mpamene mwana wa sukulu ndi mnyamata wa pagombe anamvana.

Chimene chinatsatira chikufanana modabwitsa ndi za ku South Africa zija. Anyamata ophunzirawa anaona kuti akuluakulu a kumudzi sangatsate ana, choncho anafuna munthu wamkulu, wophunzira, woti akhale patsogolo. A Chipembere analembera Dr Hastings Kamuzu Banda makalata owadandaulira kuti abwere kwao, ndipo dokotalayo anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958. Mwezi wotsatira, pa msonkhano wa ku Nkhata Bay, iye anakhala pulezidenti wa Kongeresi, a Chipembere msungichuma, a Dunduzu Chisiza mlembi wamkulu, ndi a Chiume ofalitsa nkhani.

M'chaka chomwecho munayambika gulu la achinyamata a chipani, lotchedwa Youth League. Ambiri a iwo sanali ana a sukulu konse, koma asodzi, olekera pa Sitandade 2 kapena 3, ndi obwerera ku Halale ndi ku Joni. Iwo ndiwo ankagulitsa makadi, kuitana anthu ku misonkhano, ndi kupalasa njinga mudzi ndi mudzi akufuula Kwacha. Ophunzira anali mutu, iwowa miyendo. Nzoona kuti miyendoyo nthawi zina inkaponda ndi osalakwa omwe, pakuti munthu wosagula khadi ankaopsezedwa, ndipo atsogoleri sanafulumire kuletsa.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Armitage analetsa Kongeresi, ndipo Dr Banda, a Chipembere ndi a Chisiza anatsekeredwa ku Gwelo. Ngakhale pamenepo mwana wa sukulu ndiye anathandiza kutola nkhwangwa: Aleke Banda, wophunzira wa ku Inyati amene Boma la Southern Rhodesia linamthamangitsa, anakhala mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party imene a Orton Chirwa anayambitsa mu Sepitembala 1959, ali ndi zaka 20. A Chipembere anatuluka mu 1960, namangidwanso mu 1961 chifukwa cha zolankhula zao. Ndipo pa chisankho cha chaka chimenecho anthu a ku Fort Johnston anasankha atate ao kuwasungira mpando kufikira 1963.

Ufulu unadza pa 6 Julaye 1964, koma pasanathe miyezi itatu dokotala ndi anyamata amene anamuitana anasiyana. Nduna zina zinachotsedwa, ndipo a Chipembere, amene anali nduna ya maphunziro, anatula pansi udindo wao mu Sepitembala. M'maboma ambiri Youth League inaima ndi Dr Banda, niyamba kusaka ophunzira omwe aja, aphunzitsi ndi makalaliki a Boma. Kunyanja kunali kwina. Anthu a ku Malindi anabisa a Chipembere m'mapiri a kum'mawa miyezi ingapo, akuwapititsira chakudya, ndipo usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 amuna pafupifupi 200 anatsika nao, nalanda boma la Fort Johnston ndi mfuti za apolisi, nayamba ulendo wa ku Zomba. Pofika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ndipo asilikali anafika iwo asanaoloke. Midzi ina ya kum'mawa kwa nyanja, monga wa Moto, inatenthedwa, ndipo anthu ake ambiri anakhala m'ndende zaka zambiri. Medson Silombela, mmodzi wa otsogolera gululo, anapachikidwa ku Zomba mu 1966. A Chipembere anathawira ku America, kumene anabwereranso ku sukulu ndi kuphunzitsa, namwalira ku California pa 24 Sepitembala 1975.