ZEIDLER: DZINA LA MAKOLO LIMENE LINABADWIRA M'MPHAKO ZA NJUCHI

Mwa mayina a makolo amene amapezeka m'dziko la Germany, ambiri ndithu anachokera ku ntchito zimene anthu akale ankagwira. Dzina lofala kuposa onse ndi Müller, ndipo tanthauzo lake ndi munthu wa pachigayo. Lotsatira ndi Schmidt, wosula zitsulo, kenaka Schneider, telala, Fischer, msodzi, ndi Weber, woomba nsalu. Mayinawa anachuluka chifukwa panalibe mudzi umene ukanakhala popanda chigayo kapena chipala. Koma alipo mayina ena amene munthu angathe kuyenda mizinda ingapo osakumana ndi mwini wake. Limodzi mwa iwo ndi Zeidler, limene Ajeremani amatchula ngati "Tsaidla". Ngakhale Mjeremani wa lero amene atafunsidwa tanthauzo lake, nthawi zambiri amangokanda m'mutu, pakuti ntchito imene inabala dzinali inatha kalekale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho wofuna kumvetsa dzinali ayenera kuyamba wabwerera m'nkhalango.

GWERO LA LIWULI

M'Chijeremani chamakedzana munali liwu lakuti "zidal", limene linkanena za uchi. Kuchokera pamenepo panabadwa mneni wakuti "zeideln", kutanthauza kudula zisa za uchi, ndipo wogwira ntchitoyo ankatchedwa Zeidler. Pa Chichewa munthu wotere ndiye wofula njuchi. Komabe panali kusiyana pakati pa iye ndi mlenje amene amangopeza njuchi mwangozi m'mphako, n'kuzifula, n'kumapita. Zeidler ankazikonzera njuchi nyumba m'mtengo wamoyo, nazisamala chaka ndi chaka, ndipo pomwalira ankasiyira ana ake mitengoyo monga momwe ena amasiyira munda.

Ntchito yake inkayenda motere. Ankasankha mtengo waukulu wokhwima bwino, makamaka wa paini, n'kukwera ndi chingwe kapena makwerero mpaka mamita ngati 6 kuchokera pansi. Kumeneko ankagoba mphako yaitali ndi nsompho, n'kuitseka ndi thabwa, kusiya kabowo kolowera njuchi. Kawirikawiri ankadulanso nsonga ya mtengowo kuti mphepo yamkuntho isauzule. Pa tsinde ankasemapo chizindikiro cha banja lake kuti aliyense wodutsa adziwe mwini wake. Akatero ankadikira kuti dzombe la njuchi losamuka lidzalowemo lokha. Nyengo yofula ikakwana, ankakwera ndi utsi ndi mpeni, nadula zisa zina, kusiyako zokwanira kuti njuchi zisafe ndi njala m'miyezi ya chisanu, imene kumeneko maluwa amasoweratu. Kukweza mphako m'mwamba kunkateteza uchi kwa akuba ndi kwa zimbalangondo, zimene masiku amenewo zinalipo m'nkhalango za ku Ulaya. Amene anaonapo ming'oma ya makungwa itapachikidwa m'mitengo ya kuno kwathu angathe kuona chithunzi chake, kungoti kumeneko mtengo weniweniwo ndiwo unali mng'oma.

ULEMU WA OFULA UCHI

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene ntchito imeneyi inalili yolemekezeka, ayenera kukumbukira kuti zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo shuga anali chinthu cha mafumu ndi anthu olemera okha. Chotsekemeretsa chakudya cha anthu wamba chinali uchi. Uchi womwewo ankaphikira mowa, ankasungira zipatso, ndiponso asing'anga ankausakaniza m'mankhwala. Phula nalo linali ndi msika waukulu: matchalitchi ndi nyumba za amonke ankayatsa makandulo a phula usana ndi usiku, ndipo makalata a mafumu ankatsindikizidwa chidindo pa phula.

Malo otchuka kwambiri pa ntchitoyi anali nkhalango yozungulira mzinda wa Nuremberg, yotchedwa Reichswald, ndiye kuti nkhalango ya ufumu. Njuchi zinachuluka m'menemo kotero kuti anthu ankaitcha dimba la njuchi la ufumu wonse. Zolembedwa zikusonyeza kuti pofika chaka cha 1296 ofula uchi a m'mudzi wa Feucht, kummwera chakummawa kwa mzindawo, anali kale ndi mtsogoleri wawo ndi bwalo lawolawo la milandu. M'chaka cha 1350 mfumu Karl IV inawapatsa kalata yotsimikiza ufulu wawo. Kalatayo inawalola kuweruzana okha pa milandu ya ntchito yawo ndiponso kuyenda ndi chida, chimene chinali uta wopingasa pa mpini wamtengo, wokoka ndi kachitsulo monga mfuti. Iwo nawo anali ndi udindo wopereka msonkho wa uchi ndi kutumikira mfumu ndi mauta awowo ikawaitana. Mpaka lero chizindikiro cha tauni ya Feucht chimaonetsa munthu wofula uchi atanyamula uta, ndipo m'tauniyo muli nyumba yosungiramo zipangizo zakale za ntchitoyi.

Bwalo la ofula uchi linkaweruza milandu ya malire, ya kugwetsa mtengo wa njuchi, ya kufafaniza chizindikiro cha mnzako, ndi ya kuba uchi. Chilango chinali chowawa, ndipo m'madera ena a kummawa, monga ku Poland, wakuba m'mphako ya mwini ankatha kunyongedwa. Uchi wa m'nkhalango ya Reichswald ndiwo unathandiza kutchukitsa makeke a zonunkhira a ku Nuremberg otchedwa Lebkuchen, amene amagulitsidwabe kwambiri nyengo ya Khirisimasi.

MMENE NTCHITO INASANDUKIRA DZINA

Kale Mjeremani ankakhala ndi dzina limodzi lokha, monga Hans kapena Konrad. Kuyambira m'zaka za m'ma 1100, mizinda itayamba kukula, a Hans anachuluka mpaka alembi a msonkho ndi a milandu ankasokonezeka. Choncho anayamba kuwonjezera liwu losiyanitsa: dzina la bambo wake, mudzi umene anachokera, maonekedwe ake, kapena ntchito yake. Hans wa pachigayo anakhala Hans Müller, Hans wa njuchi nakhala Hans Zeidler. Popeza ntchito ndi mitengo zinkapita kwa ana, dzinalo linkatsatira, ndipo m'kupita kwa mibadwo linakakamira pa banja ngakhale mdzukulu atasiya njuchi n'kukhala mmisiri wa nsapato. Mwambowu unayambira m'mizinda ya kummwera ndi kumadzulo, n'kufalikira pang'onopang'ono, moti m'madera ena akumidzi a kumpoto unakhazikika m'zaka za m'ma 1800.

Kwa zaka mazana ambiri aliyense ankalemba dzina monga analimvera. N'chifukwa chake pali Zeidler, pali Zeitler, palinso kalembedwe kena kosiyana pang'ono. Kalembedwe kanakhazikika boma litatenga udindo wolemba obadwa, okwatirana ndi omwalira m'dziko lonse mu 1876. Wofufuza mbiri ya banja ayenera kusamala ndi mayina ofanana m'kamvekedwe. Mwachitsanzo, Seidler nthawi zina ndi Zeidler yemweyo, koma nthawi zina ali ndi gwero lina. Liwuli linatsalanso m'mayina a malo, monga mudzi wa Zeitlarn pafupi ndi Regensburg, umene tanthauzo lake ndi kwa ofula uchi. Mitundu yoyandikana nayo ili ndi mayina a tanthauzo lomweli: Bartnik ku Poland ndi Bortnik ku Ukraine ndi ku Russia.

Apa pali kusiyana ndi mwambo wa Achewa, umene ziwongo monga Phiri, Banda ndi Mwale zimaloza ku mtundu ndi ku nthano za chiyambi chake. Anthu awiri otchedwa Zeidler angathe kukhala opanda ubale uliwonse. Chowalumikiza ndi chakuti makolo awo, wina kuno wina uko, ankakwera mitengo kufuna uchi.

CHIFUKWA CHIMENE DZINALI LILI LOSOWA

Zifukwa zake n'ziwiri. Choyamba, ntchitoyi sinkatheka paliponse. Inkafuna nkhalango yaikulu ya mitengo yakale, yokhala ndi maluwa ambiri pansi pake, komanso chilolezo cha mwini nkhalango. Motero dzinali linamera m'madera owerengeka: Franconia ndi Upper Palatinate m'chigawo cha Bavaria, Saxony, Thuringia, Brandenburg, ndiponso pakati pa olankhula Chijeremani a ku Bohemia ndi Silesia. Kumadzulo ndi kumpoto chakumadzulo, kumene anthu ankaweta njuchi pakhomo m'madengu oluka ndi udzu, mlimi wa njuchi ankatchedwa ndi mawu ena, monga Imker, limene ndilo liwu lodziwika m'Chijeremani cha lero.

Chachiwiri, ntchitoyo inafa, ndipo liwu lake linaiwalika. Chakudza sichiimba ng'oma: imfa yake inabwera mwakachetechete kuchokera mbali zingapo. Mu 1368 munthu wina wolemera wa ku Nuremberg, Peter Stromer, anayamba kufesa mbewu za paini m'malo amene nkhalango inali itatha. Nzeru imeneyi inapulumutsa matabwa, koma m'kupita kwa nthawi eni nkhalango anayamba kuona mtengo ngati ndalama, ndipo munthu wogoba mphako ndi kudula nsonga za mitengo yabwino anasanduka wowononga. Martin Luther atayambitsa kukonzanso mpingo mu 1517, madera ambiri, kuphatikizapo Nuremberg, anatseka nyumba za amonke nachepetsa makandulo m'matchalitchi, ndipo msika wa phula unagwa. Nkhondo ya zaka makumi atatu, kuyambira 1618 mpaka 1648, inapululutsa midzi. Nthawi yomweyo shuga wa nzimbe, wolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa m'minda ya ku Brazil ndi ku zilumba za Caribbean, anayamba kufika wambiri m'madoko a ku Ulaya. Mu 1747 katswiri wa ku Berlin, Andreas Marggraf, anapeza kuti shuga angathe kutengedwanso m'mizu ya chomera chotchedwa biti, ndipo wophunzira wake, Franz Achard, anamanga fakitale yoyamba ya shuga wotere ku Silesia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Pomalizira panabwera ming'oma ya matabwa yokhala ndi zisa zochotseka, imene Johann Dzierzon ku Silesia ndi Lorenzo Langstroth ku America anaikonza pakati pa zaka zomwezo. Kuyambira pamenepo panalibenso chifukwa choti munthu aike moyo wake pachiswe pa chingwe.

KUMENE DZINALI LINAKAFIKA

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ajeremani mamiliyoni anasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, a ku Silesia ndi ku Bohemia anathamangitsidwa m'midzi ya makolo awo nabalalika m'dziko lonse la Germany. Dzinali linayenda nawo. Mzinda wa Milwaukee ku United States unakhala ndi mameya awiri apachibale a dzinali. Carl Zeidler anasankhidwa mu 1940, nasiya mpando mu 1942 kupita kunkhondo, ndipo anafera m'nyanja chaka chomwecho chombo chake chitamizidwa chakufupi ndi South Africa. Mng'ono wake, Frank Zeidler, analamulira mzindawo kuyambira 1948 mpaka 1960. Eberhard Zeidler, wobadwira ku Germany mu 1926, anasamukira ku Canada nakhala katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi msika waukulu wa Eaton Centre ku Toronto. Mu 2024 Oliver Zeidler anapatsa dziko la Germany mendulo yagolide pa mpikisano wopalasa bwato wa Olimpiki ku Paris.

Pali nkhani ina yodabwitsa. Mu 1874 wophunzira wina wa ku Austria, Othmar Zeidler, ali ku Strasbourg, anapanga mankhwala atsopano amene panthawiyo panalibe wodziwa ntchito yake. Mu 1939 katswiri wa ku Switzerland, Paul Müller, anatulukira kuti mankhwalawo amapha tizilombo mwamphamvu, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1948. Mankhwalawo ndi DDT, amene anapulumutsa anthu ochuluka ku malungo popha udzudzu, koma atamwazidwa mosasamala m'minda anaphanso tizilombo tothandiza ndi mbalame, mpaka mayiko ambiri anawaletsa pa ulimi. Motero mdzukulu wa osamala njuchi ndi mdzukulu wa pachigayo anakumana m'mbiri ya mankhwala amene njuchi nazo zinavutika nawo.

ZIMENE ZATSALA

Ntchito yofula uchi m'mitengo yamoyo sinafe konsekonse. Anthu a mtundu wa Bashkir, kummwera kwa mapiri a Ural ku Russia, anaisunga osaleka, ndipo kwa iwo ndi kumene anthu a ku Poland anakaphunziranso luso limene agogo awo anataya. Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika mwambowu, monga umachitikira ku Poland ndi ku Belarus, m'ndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa.

Ku Germany mitengo ya mphako inagwa, bwalo la ku Feucht linatsekedwa, ndipo mauta ali m'nyumba zosungiramo zakale. Chimene chinapulumuka ndi liwu lolembedwa pa chitseko cha nyumba ndi pa chiphaso cha kusukulu. Mwana wolinyamula akapanda kufunsa, amayenda ndi mbiri ya zaka 700 osaidziwa. Ndi chimodzimodzi ndi dzina lina lililonse la makolo, kaya la kutsidya kwa nyanja kaya la kuno. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa yekhayo amene anawamva, choncho mdzukulu wanzeru amafunsa tanthauzo la dzina lake agogo akadali ndi moyo.