Za maholide, kanema wa pabwalo ndi timabuku ta zithunzi

Chimanga chalowa m'nkhokwe, makasu apumula, ndiye lero tiyeni tikambeko zakale. Ana a masiku ano amayesa ngati kanema anabwera ndi foni. Ayi ndithu. Kanema tinamuonera ife kalekale magetsi kulibe, ndipo ali ndi mbiri yake yomwe ikuyendera limodzi ndi mbiri ya dziko lathu lino.

Ine ndili ndi makope omwe ndimalembamo tsiku lomwe mvula yagwa, tsiku lodzala, ndi matumba omwe ndakolola. Chizolowezichi ndinayamba ndili mnyamata. Kumapeto kwa kope lililonse ndinkalembako zina: tsiku lomwe kwabwera kanema, zomwe tadya pa Khirisimasi, dzina la magazini yomwe ndabwereka. Zambiri zomwe ndikambe pano zachokera m'masamba akumapetowo, zina n'zomwe ankatiuza akuluakulu.

Tiyambe ndi masiku a tchuthi, poti kalendala ya nthawi ya Kamuzu si yomwe tili nayo lero.

Tsiku lolemera kuposa onse linali 3 March. Pa tsikuli mu 1959 boma la atsamunda linalengeza kuti m'dziko muli chipwirikiti, n'kumanga Dr Banda ndi atsogoleri ambiri a Congress. Kamuzu anakamutsekera ku Gwelo, komwe lero akuti Gweru ku Zimbabwe, mpaka April 1960. Ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu omwe anasonkhana padoko, ambiri n'kufera pomwepo. Ndiye ufulu utabwera, tsikuli linakhala la maliro a dziko lonse. Kumunda osapita, mowa osagulitsa, mpira osasewera. Wailesi ya MBC inkangoika nyimbo zachisoni ndi kusimba za omwe anafa. Vuto lake, March ndi nthawi yomwe fodya ali pakolokolo, koma munthu ukapezeka ndi khasu kapena uli m'chigafa, ayufi ankakutengera kwa tcheyamani. Amayi ankatunga madzi ndi kusinja dzulo lake. Kulemekeza akufa kunalipo, inde, koma mantha analinso pompo. Zonse ziwiri ndi zoona.

Pa 14 May linali tsiku la Kamuzu. Pa 6 July ndiye panali phwando lenileni, chifukwa tsiku limeneli lasenza zinthu zitatu: Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July 1958, dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo linakhala Republic pa 6 July 1966. Amayi a Mbumba ankanyamulidwa pa malole atavala nsalu za nkhope ya Ngwazi kukavina kubwalo lalikulu, ife otsala tinkangozungulira wailesi ya Nzeru n'kumamvera. Kunalinso Youth Week, sabata yomwe ana asukulu ndi achinyamata tinkakonza misewu, kuumba njerwa ndi kumangira nyumba okalamba. Tsiku la John Chilembwe pa 15 January silinalipo ngati tchuthi nthawi imeneyo, linadzabwera matipate atayamba.

Koma mukafunsa mwana wa nthawi imeneyo kuti holide ndi chiyani, sakanatchula zimenezi. Akanati Khirisimasi, ndi holide yaikulu ya sukulu. Khirisimasi ndi tsiku lomwe kunkaphedwa tambala, kuphikidwa mpunga, mwana aliyense n'kulandira banzi ndi Fanta wake, kapena Sobo wosungunula mu ndowa. Botolo la Fanta unkatha kuyenda nalo tsiku lonse, kumangonyambita pang'onopang'ono kuti anzako aone. Holide yaikulu inkagwa mu August ndi September, sukulu n'kudzatsegulira mu October. Imeneyo ndiyo nthawi ya kukumba mbewa, masanje, mpira wachikulunga ndi gule. Ndipo poti misewu inali itauma, ndi nthawi yomwenso galimoto ya kanema inkatha kufika kwathu.

Kanema woyendayenda anayamba ndi atsamunda. Mu 1948 anakhazikitsa bungwe lotchedwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, lero Harare. Linkajambula mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, ophunzitsa zaulimi, ukhondo, kusunga ndalama ndi kumvera boma. Pa zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu ambiri anayamba kuwakayikira magalimoto amenewa, chifukwa ankaona kuti akubwera kudzakometsa chitaganya chomwe a Nyasaland ankachikana. Agogo anga ankati kanema ankamukonda, koma mwini kanema sankamukhulupirira.

Ufulu utabwera, ntchitoyi sinafe. A zofalitsa nkhani anali ndi magalimoto awo, a unduna wa zamalimidwe analinso ndi awo, achikasu aja. Ife tinakulira amenewo. Galimoto ikalowa masana inkazungulira ndi mkuzamawu kuitana anthu. Dzuwa lisanalowe ankaonetsa zidole zolankhula, zokangana za kubzala mochedwa kapena kuthira feteleza. Kukada ankapachika chinsalu choyera, kuliza injini, kuwala n'kutuluka m'makina kukagwa pachinsalupo. Midzi yonse yozungulira inkakhamukira pabwalo la sukulu. Ana kutsogolo pafumbi, amayi pamphasa, abambo chilili kumbuyo. Ochedwa ankaonera kuseri kwa chinsalu, komwe zonse zinkaoneka chogadama, wa dzanja lamanja kukhala wamanzere.

Zoonetsa zake zinali za mizere ya chimanga, kusankha fodya, kudika ng'ombe, ndi Ngwazi ikuyendera minda. Mwina mungaseke, koma alimi ambiri anaona koyamba kathiridwe ka feteleza pachinsalu chimenecho. Pakati pake ankaponyapo kafilimu koseketsa kapena ka nkhonya kuti anthu asabalalike. Munthu akagwa pachinsalu bwalo lonse linkagwa nalo phwete. Mawa lake kudambo nkhani inali yomweyo, aliyense kusimba mbali yake ngati enawo kunalibe.

Inu a m'tauni munali ndi nyumba za kanema, ngati Apollo ku Blantyre. Koma nanunso simunkaonera mwaufulu. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mafilimu, mabuku ndi nyimbo, ndipo filimu iliyonse inkadutsa m'manja mwawo. Popsompsonana ankadulapo. Filimu isanayambe pankaoneka Kamuzu, nyimbo ya fuko n'kulira, aliyense kuimirira. Mu 1973 kunabweranso lamulo la kavalidwe, loletsa amayi buluku ndi siketi yaifupi, nawo abambo tsitsi lalitali linali mlandu. Ndipo kumbukirani kuti dziko lino linalibe wailesi ya kanema mpaka 1999 pomwe TVM inatsegulidwa. Anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe anali nayo kuyambira zaka za m'ma 1960. Ife tinakhala zaka 35 tili pa ufulu tisanaone nkhope ya wowerenga nkhani.

Tsono za timabuku ta zithunzi. Izi zinkabwera ndi anthu oyenda. Malume anga anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo mu sutikesi yawo yachitsulo munali magazini otchedwa African Film, omwe ankasindikiza a Drum chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Sizinali zojambula pamanja ayi, zinali zithunzi za anthu enieni akusewera nkhani, mawu awo atalembedwa m'timabwalo pamwamba pa mutu. Ngwazi yake anali Lance Spearman, tonse tinkangoti Spear: munthu wakuda ngati ife, wa suti, chipewa ndi ndudu yaikulu pakamwa, akuthambitsa zigawenga. Chizungu sitinkachimva bwino, koma nkhonya sifuna womasulira. Wa Sitandade 8 ankawerenga mokweza, ife n'kumaonjezera zathu.

Njira imeneyi inadzatsekeka. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi. Zinadzayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anthu opita anachepa, ndipo mu 1988 zinatheratu. Masutikesi atasiya kubwera, nazo magalamafoni, zibangiri za wotchi ndi magazini akunja zinasowa m'midzi.

Zathu za konkuno zinalipo. Magazini ya Moni, yomwe anayambitsa a Katolika mu 1964, inkapezeka kuparishi ndi kwa aphunzitsi. Boma Lathu inkagawidwa ulere. Alangizi ankabweretsa Za Achikumbi. Ndipo mu Malawi News munkatuluka Pewani, katuni ya Brian Hara. Nyuzipepala imodzi inkayenda nyumba khumi, ikafika kwa ife ili yofewa ngati nsanza. Tikatha kuwerenga tinkatengera zithunzizo ndi makala pakhoma la khitchini, amayi n'kutithamangitsa ndi chikuni. Pali anzanga angapo omwe kuwerenga anakuphunzirira pa timabwalo ta mawu timeneti kuposa pa bolodi, chifukwa ankafunitsitsa kudziwa chomwe munthu wa pachithunziyo wanena.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 kunabwera mavidiyo sho. Munthu ankagula sikirini, deki ndi jenereta, kufolera chisakasa pa tiredingi senta, kutseka mipata ndi masaka kuti osalipira asasuzumire. Pakhomo ankalemba ndi choko filimu ya tsikulo. Apa ndi pomwe tinadziwira Bruce Lee, tisakudziwa kuti mwiniwakeyo anamwalira kale mu 1973. Rambo, Commando, Chuck Norris, Van Damme, mayina amenewa anasanduka mayina a anyamata, a agalu ndi a ng'ombe zapangolo. Ankatikondweretsanso The Gods Must Be Crazy, ya munthu wa m'chipululu cha Kalahari ndi botolo la Coca-Cola lija. A mipingo nawo ankayenda ndi filimu ya Yesu yolankhula Chichewa, amayi n'kumalira mokweza pofika pa mtanda.

Apa pali kusintha komwe ambiri sitinakuone msanga. Kanema wa galimoto anali waulere ndipo ankaonera mudzi wonse, agogo ndi adzukulu pamodzi, koma wosankha zoonetsa anali boma. Vidiyo sho inatipatsa ufulu wosankha, koma inafuna ndalama, ndipo olowamo ambiri anali anyamata. Amayi ndi atsikana anatsalira kunja. Ana anayamba kuthawa sukulu, mazira ndi chimanga kumasowa m'nyumba kuti apeze ya pakhomo. M'makope anga a zaka zimenezo muli milandu ingapo ya kwa amfumu yomwe gwero lake linali vidiyo. Kenako kunabwera ma CD, mafilimu a ku Nigeria, ndi anyamata omasulira mafilimu achitchaina m'Chichewa moika nthabwala zawozawo. Lero zonse zalowa mu memore khadi, aliyense ndi kafoni kake, mutu pansi.

Sindikunena kuti kale kunali bwino kuposa lero. Amene anagulapo khadi la chipani mokakamizidwa kuti alowe mumsika sangalakelake masiku amenewo. Ndiponso kale pachinsalu sitinkadzionapo tokha, kupatula ngati alimi ophunzitsidwa. Lero tili ndi mafilimu a Shemu Joyah monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ndipo mu 2019 dziko lonse lapansi linaonera nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yojambulidwa konkuno, anthu akulankhula Chichewa. Zimenezo agogo athu sakanazilota.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti umboni wa zonsezi ukutha. Magazini a malume aja anathera kukulungira usipa ndi kupichirira fodya, otsala anadya chiswe. Akuluakulu omwe anaona kanema wa atsamunda atsala owerengeka. Mwana wa lero akamva kuti anthu mazanamazana ankayenda mtunda wautali usiku kukaonera filimu ya feteleza, amayesa nthano. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.

Ndiye ndili ndi mapempho awiri. Loyamba kwa inu a m'tauni ndi a kunja: fufuzani m'masutikesi a makolo anu. Mukapeza Moni wakale, Boma Lathu, Za Achikumbi, African Film, kapena tsamba la Pewani, musayatsire mbaula. Jambulani ndi foni muike pansipa, tionere limodzi. Lachiwiri kwa ife a kuno: holide ya ana ikubwerayi, tapemphani aphunzitsi aakulu bwalo la sukulu usiku umodzi. Sola tili nayo, nsalu yoyera sisowa, wina wa m'tauni atibwerekeko makina oonetsera. Tionere filimu ya Kamkwamba tonse pamodzi, agogo kutsogolo ulendo uno, ndipo isanayambe apatsidwe mpata asimbe za kanema wa m'masiku awo, ana alembe m'makope.

Amene mukukumbukira chaka chomwe galimoto yachikasu inafika komaliza kwanuko, lembani mu ndemanga, mutchulenso boma lanu.