Ulendo wa Eiji Toyoda ku fakitale ya Ford (1950)

Ulendo wa Eiji Toyoda ku fakitale ya Ford unachitika mu 1950, pamene injiniya ameneyu wa kampani ya Toyota ya ku Japan anapita ku United States kukaona mmene magalimoto amapangidwira kumeneko. Eiji (1913–2013) anali wa m'banja la eni kampaniyo: bambo ake anali mng'ono wa bambo ake a Kiichiro Toyoda, amene anayambitsa Toyota Motor mu 1937.

Mmene zinthu zinalili

Chaka chimenecho Toyota inali pafupi kugwa. Ndalama zinasowa, antchito ananyanyala ntchito pokana kuchotsedwa, ndipo Kiichiro anatula pansi udindo wake. Kampaniyo inkapanga magalimoto makumi ochepa patsiku, pomwe Ford inkapanga masauzande.

Zimene anaona

Eiji anatha masabata angapo akuyendera fakitale ya River Rouge ku Dearborn, m'chigawo cha Michigan. Fakitaleyi inali ndi doko lake, ng'anjo zosungunulira chitsulo ndiponso malo ake opangira magetsi. Iye anachita chidwi ndi makina, koma njira ya Ford sanaitenge yonse. Njirayo inkadalira kupanga galimoto za mtundu umodzi zambirimbiri ndi kuunjika zipangizo m'nyumba zosungiramo katundu. Ku Japan msika unali waung'ono, ogula ankafuna mitundu yosiyanasiyana, ndipo ndalama zoti n'kumangirira mu katundu wongokhala panalibe.

Chimene anabwera nacho msanga chinali chooneka chaching'ono. Ku Ford antchito ankaloledwa kulemba maganizo awo a mmene ntchito ingayendere bwino. Toyota inayamba kuchita zomwezo mu 1951, ndipo inazilimbikira kwa zaka zambiri.

Mu 1956 injiniya wina wa Toyota, Taiichi Ohno, anapitanso ku United States. Kuwonjezera pa mafakitale, iye anaonetsetsa masitolo akuluakulu a zakudya, mmene wogula amatenga zimene akufuna ndipo ogulitsa amangobwezeretsa zimene zachoka pa shelefu. Zimenezi zinagwirizana ndi njira imene ankayesa kale ku fakitale yake, yoti chipangizo chizipangidwa pokhapokha gawo lotsatira likachifuna. Makadi otchedwa kanban ndi amene ankanyamula uthengawo.

Ulendo wobwezera

Mu 1984, Eiji ali tcheyamani wa Toyota, kampaniyo inagwirizana ndi General Motors n'kutsegula fakitale ya NUMMI ku Fremont, California. Ulendo uno Amereka ndi amene anakwera ndege: antchito ambiri anatumizidwa ku fakitale ya Takaoka ku Japan kukaphunzira. Kumeneko anaona kuti wantchito wamba ali ndi mphamvu yokoka chingwe n'kuimitsa mzere wonse akaona cholakwika, zimene kwawo zinali zosaloledwa. Magalimoto a ku Fremont anayamba kutuluka ndi zolakwika zochepa kwambiri, ngakhale kuti General Motors inachedwa kufalitsa njirayi m'mafakitale ake ena. NUMMI inatsekedwa mu 2010 ndipo malowo anagulidwa ndi Tesla.