Ngongole ya ku Bristol ndi Makalasi a John Wesley

M'zaka za pakati pa 1739 ndi 1770 munali alaliki awiri m'dziko la England amene mbiri yao inamveka kufikira tsidya lija la nyanja. Wina anali George Whitefield, mnzace John Wesley. Onse awiri anaphunzira ku Oxford, onse anadzozedwa ubusa mu Mpingo wa England, ndipo onse anaturuka m'machalichi nakalalikira pabwalo, pamene abusa anzao anayamba kuwatsekera zitseko. Kunena za ulaliki wokha, anthu a masiku amenewo anabvomerezana kuti Whitefield ndiye anaposa. Liu lace linali lamphamvu kotero kuti Benjamin Franklin, atamumva ku Philadelphia, anayesa mtunda umene mau ace anafika, napeza kuti anthu oposa 30,000 akadatha kumumva nthawi imodzi. Koma pomwalira iye mu 1770, unyinji wa amene analira misozi pa maulaliki ace unali wobalalika. Wesley pomwalira mu 1791 anasiya anthu oposa 70,000 m'Britain ndi Ireland, olembedwa maina, yense wodziwika kwa mtsogoleri wace. Kusiyana kumeneku kunacokera m'timisonkhano tating'ono ta sabata ndi sabata, ndipo timisonkhanoti tinayamba cifukwa ca ngongole.

Mu February 1739 Whitefield anapita ku Kingswood, pafupi ndi mzinda wa Bristol, kumene kunali migodi ya malasha. Anthu a m'migodimo analibe chalichi kapena sukulu, ndipo a mumzinda anali kuwaopa monga zirombo. Tsiku loyamba anamumva anthu ngati 200. Patangopita masabata owerengeka anali kubwera zikwizikwi. Iye mwini anasimba kuti anazindikira kulapa kwao poona mizera yoyera imene misozi inalemba pa masaya ao akuda ndi pfumbi la malasha. Popeza anafuna kubwerera ku America, anaitana Wesley kuti adzatenge nchitoyo. Wesley anabwera monyinyirika, pakuti anali munthu wokonda dongosolo, ndipo kulalikira kunja kwa chalichi anakuyesa cinthu conyazitsa. Komabe pa 2 April 1739 anaimirira pa kamtunda kunja kwa mzinda nalalikira kwa anthu ngati 3,000.

Otembenuka anacuruka msanga, ndipo nyumba zimene anali kusonkhanamo zinacepa. Mu May caka comweco anagula malo ku Horsefair m'Bristol nayamba kumanga nyumba yochedwa New Room. Ndalama zinapereweza, ndipo ngongole yonse inagwera Wesley mwini, amene analibe cuma. Inakhala comweco pafupifupi zaka zitatu.

Pa 15 February 1742 akuru a gululo anasonkhana kuti apangane za ngongoleyo. Munthu wina wa zombo, Captain Foy, anati membala ali yense azipereka kobiri limodzi pa sabata kufikira itatha. Wina anamtsutsa kuti ambiri ndi aumphawi, sangathe ngakhale kobirilo. Foy sanabwerere m'mbuyo. Anapempha kuti amupatse anthu 11 osauka koposa onse. Iye adzawayendera sabata liri lonse, akapereka kanthu cabwino, akalephera adzawalipirira iye. Anauza anzace kuti acite cimodzimodzi. Motero gulu lonse la ku Bristol linagawidwa m'timagulu ta anthu 12, ndipo kagulu kali konse kanachedwa kalasi.

Dzina limeneli likhoza kusokeretsa wowerenga wa kuno, amene azolowera kalasi ya kusukulu, kapena kalasi imene munthu alowa pokonzekera ubatizo, naturukamo atayesedwa. Kalasi ya Wesley inalibe mayeso ndipo inalibe tsiku loturuka. Liulo linangotanthauza cigawo. Munthu analowamo pa ciyambi ca ulendo wace, nakhalamo kufikira imfa.

Osonkhetsa makobiri aja poyenda khomo ndi khomo anaona zimene mlaliki sakadatha kuziona ali paguwa. Wina anapeza membala ali ciledzerere. Wina anapeza mnzace alikukangana ndi mkazi wace. Anakamuuza Wesley, ndipo iye pomwepo anazindikira kuti wapeza cimene anacifuna nthawi yaitali. Kufikira pamenepo analibe njira yodziwira makhalidwe a anthu mazanamazana omwazikana m'makwalala a mzinda. Anali kuwaona nkhope zokha pa nthawi ya mapemphero, pamene munthu ali yense aoneka wofatsa. Anaitana atsogoleriwo nawapempha kuti pamodzi ndi kobiri azifunsanso za moyo wa munthu ali yense. Mwezi wotsatira, March 1742, anakhazikitsa makalasi ku London, ndipo kucokera kumeneko anafalikira konse kumene kunali Ametodisti.

Kuyendera m'makomo sikunakhalitse. Kunali kudya nthawi yambiri, ndipo atsogoleriwo anali anthu a nchito zao. Mamembala ambiri anali anchito a m'nyumba za eni, ndipo mabwana ao sanalole alendo otere. Kwina analola, koma panalibe pokambirana paseri. Ndiponso anansi awiri akayambana, kumva wina lero ndi wina mawa sikunathetse mlandu. Kunafunika kuwaika pamodzi maso ndi maso. Cifukwa cace anapangana kuti kalasi yonse izisonkhana pamodzi kamodzi pa sabata, kawirikawiri madzulo ataweruka ku nchito, m'khichini mwa wina, m'cipinda ca pamwamba, kapena m'nyumba ya mmisiri.

Msonkhanowo unatenga ngati ora limodzi. Anayamba ndi nyimbo ndi pemphero. Mtsogoleri anayamba ndiye kunena za moyo wace m'sabata limenelo, zimene zinamuyesa ndi m'mene anathandizidwira. Pamenepo anatembenukira kwa ali yense, mmodzi mmodzi, namfunsa m'mene moyo wace wauzimu unali kuyendera. Atayankha, mtsogoleri anamlangiza, kapena kumdzudzula, kapena kumtonthoza, monga kunayenera. Panalibe ulaliki pamenepo. Ulaliki anali ataumva kale, nthawi zambiri pa 5 koloko m'mamawa asanapite ku nchito. M'kalasi munali mofunsamo ngati mau aja anafika m'nyumba, pamsika ndi mumgodi. Potsiriza anapereka makobiri, ndipo ngongole ya ku Bristol itatha, makobiriwo anathandiza aumphawi ndi alaliki oyendayenda.

Khomo lolowera linali lalikuru. M'malamulo amene John ndi mbale wace Charles anasindikiza mu 1743, munthu sanafunsidwe za mpingo wace kapena ciphunzitso cace. Cofunika cinali cimodzi, kuti akhale wofunitsitsa kupulumuka ku macimo ace. Koma kukhalitsamo kunali kwina. Anayenera kuonetsa cifuniroco mwa kuleka zoipa, kucita zabwino, ndi kusunga mapemphero ndi Mgonero. Miyezi itatu iri yonse Wesley kapena wothandiza wace anakomana ndi membala ali yense, napatsa oyenera tikiti yolembedwa dzina lao. Wosalandira tikiti yatsopano anadziwa yekha kuti waturuka, popanda mlandu wa pabwalo kapena kumcititsa manyazi pamaso pa anthu.

M'buku la maulendo ace Wesley anasunga ciwerengero ca zimene zinacitika ku Newcastle mu 1743, ndipo cionetsa bwino mtundu wa anthu amene anali nao. Anacotsa anthu 64. Mwa iwo 17 anacotsedwa cifukwa ca kuledzera, 2 cifukwa ca kugulitsa mowa waukali, 2 kutukwana, 2 kuswa Sabata, 3 ndeu, 3 mabodza, 4 miseche ndi kulalata, mmodzi ulesi, ndi mmodzi kumenya mkazi wace. Otsala 29 anacotsedwa cifukwa ca mphwayi ndi kusasamala. Ciwerengero cotsirizaci ndico codabwitsa, pakuti ciposa ca oledzera. Woledzera anaoneka kwa onse, koma wamphwayi akadatha kukhala pa benchi ya chalichi zaka makumi awiri osadziwika konse. M'kagulu ka anthu 12 sanathe kubisala. Munthu akhoza kunena kuti kumeneku kunali kuuma mtima, ndipo mwina ena mwa 29 aja anali otopa cabe ndi nchito ya m'migodi. Koma tsono nkoyenera kukumbukanso kuti m'masiku amene malamulo a dziko sanasamale kwenikweni mwamuna akamenya mkazi wace, m'kalasi anafunsidwa, ndipo anataya malo ace.

Panalinso timagulu tina tocepa koposa, tochedwa band, timene Wesley anaphunzira kwa Akristu a ku Moravia. Umo amuna anakhala paokha, akazi paokha, okwatira kwina ndi osakwatira kwina, ndipo anaululirana macimo ndi mayesero ao mosabisa. Adani a Wesley anati wabweretsa kuulula kwa Aroma mwa njira yina. Timagulu timeneti tinali ta ofuna okha, ndipo sitinafalikire monga makalasi.

Wesley mwini anayesapo njira inayo. Kwa nthawi ndithu iye ndi alaliki ace analalikira m'madera ena osakhazikitsako magulu, kuti aone cimene cidzacitika. Pa msonkhano wao wa 1748 anabvomereza kuti pafupifupi mbeu zonse zinatayika, ndipo analeka. Mu August 1763 anayenda m'dera la Pembrokeshire ku Wales, kumene kunali kulalikidwa kwambiri kwa zaka 20, koma kopanda magulu okhazikika monga ace. Anaweruza kuti mwa anthu khumi amene anagalamuka, asanu ndi anai anali atagonanso tulo toposa toyamba, ndipo anafanizira mlaliki wotere ndi munthu wobala ana nawasiyira wakupha. Mau amenewa ndi aukali, ndipo alaliki a ku Wales akadakhala ndi poyankha, popeza Howell Harris ndi anzace anali nato timagulu taotao. Za Whitefield kuli mbiri yakuti anauza mlaliki wina wa Wesley kuti mbale wace anacita mwanzeru posonkhanitsa anthu m'makalasi, pamene anthu a iye mwini anafanana ndi cingwe copota ndi mcenga.

Makalasi anabala cipatso cina cimene Foy sanacilote. Gulu la anthu 1,200 linafuna atsogoleri 100, ndipo atsogoleriwo anacokera mwa oomba nsaru, osoka nsapato, amisiri a miyala ndi akazi a pabanja. Anthu amene sanafunsidwepo maganizo ao ndi munthu ali yense anaphunzira kulankhula pamaso pa anzao, kusunga buku la maina ndi kuwerengera ndalama. Mu February 1761, ku Derby, mai wina dzina lace Sarah Crosby anapita kukatsogolera kalasi akuyembekeza anthu ngati 30, napeza pafupifupi 200. Popeza sikunatheke kufunsa ali yense payekha, anaimirira nalankhula kwa onse pamodzi. Analembera Wesley ndi mtima wobvutika, ndipo iye anamuyankha kuti sanalakwe. Ulaliki wa akazi mwa Ametodisti unayambira pamenepo. Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1800, atsogoleri ambiri a mabungwe a anchito ku England anali anthu oleredwa m'makalasi. George Loveless wa ku Tolpuddle, amene anatumizidwa ku Australia monga mkaidi mu 1834 pamodzi ndi anzace asanu cifukwa ca bungwe la anchito a m'minda, anali mlaliki wa Ametodisti.

Atamwalira Wesley, Ametodisti anapatukana ndi Mpingo wa England nakhala mpingo paokha, ndipo pang'onopang'ono kalasi inayamba kufooka. Adzukulu a anthu a m'migodi aja anali eni masitoro ndi mafakitale, ndipo sanakonde kufunsidwa za mitima yao pamaso pa anchito ao. Ambiri anabadwira mumpingo, osadziwa kugalamuka kumene makolo ao anasimba. Pofunsidwa anangobwereza mau omwewo sabata ndi sabata, kufikira msonkhano unasanduka mwambo wotopetsa. Abusa okhala pamalo amodzi anatenga nchito imene kale inali ya atsogoleri, ndipo Sande Sukulu inatenga nthawi ndi anthu. Mu 1866 Ametodisti a kumwera kwa United States analamula kuti kupita ku kalasi kukhale kwa ofuna okha, ndipo mipingo yina inatsata m'mbuyo mwao.

Kuno Ametodisti anafika m'magulu awiri. A Primitive Methodist anakhazika misyoni ku Nkala m'dziko la Aila mu 1893, natsegula sukulu ya aphunzitsi ku Kafue mu 1918. A Wesleyan analowa kucokera ku Southern Rhodesia namanga ku Chipembi. M'midzi yotalikirana, kumene mbusa anafika kamodzi pa miyezi ingapo kudzapereka Mgonero, mpingo unakhala m'manja mwa mphunzitsi ndi atsogoleri a pamudzi, monga momwe unakhalira m'manja mwa osoka nsapato a ku Bristol pamene Wesley anali pa kavalo ulendo wa ku Newcastle. Magulu awiriwo anagwirizana mu 1932, ndipo pa 16 January 1965, ku Mindolo pafupi ndi Kitwe, Ametodisti analowa pamodzi ndi mipingo yina mu United Church of Zambia.